Nkhope siidikira womasulira

Ntchito yanga ndi kuima pakati pa anthu awiri osamvana chilankhulo. Alendo ambiri ofika kuno ku Nkholongue, atatsika mapiri kuchokera ku Lichinga, amalankhula Chingerezi, pomwe ife m'mudzi timalankhula Chinyanja ndi Chiyao, Chipwitikizi n'cha kusukulu ndi kumaofesi a ku Metangula. Ine Chingerezi ndinachitola ku Nkhotakota komwe tinathawira nkhondo ndili mnyamata, ndipo tinabwerera kwathu mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992.

Kumasulira mtengo wa usipa kapena kuchenjeza mlendo za mwera sikuvuta. Chimanditulutsa thukuta ndi chomwe thupi limanena pakamwa pasanatseguke.

Chaka china nkhungu zitadzuka panyanja ngati utsi wa moto wa kutchire, ndinaperekeza mayi wina wachizungu kwa agogo ena a m'mudzi muno. Agogowo anali atazigwira pozunguza dengu m'mwamba, n'kuziumba, kuzikulunga m'masamba a nthochi, kuziphika ndi kuziyanika. Anatulutsa chiumbe chakuda bii, nanyema kachibenthu, n'kupereka ndi manja awiri. Ine nditangoti ndi tizilombo touluka tija, mayiyo mapewa anakwera, khosi linalowa, dzanja linathawira pachifuwa ngati lakhudza khala la moto.

"Mwanangu, tamufunse mlendoyu, wanyansidwa?"

Ndinamufunsa. Iye, nkhope ili psu, anapepesa n'kutchula liwu lakuti flinch.

Apa ndiyambe ndaima. Chingerezi chili ndi mawu angapo a kubwerera m'mbuyo kotereku, ndipo chimawasiyanitsa poyang'ana chimene thupi lachita. Flinch ndi kuphethira n'kugwedezeka kamodzi, monga mwana akaona dzanja likumubwerera. Wince ndi ululu: nkhope ya msodzi pamene tikumuzula mbedza m'chala. Recoil ndi thupi lonse kubwerera poona njoka kapena chinthu chonunkha. Mfuti ikamenya phewa la woombera amatchulanso liwu lomweli, ndipo ndi pachibale ndi recuar wa Chipwitikizi, amene ife okula m'nkhondo sitifunika kutiphunzitsa. Cringe ndiye anandisokoneza zaka zambiri. Ndinkamudziwa ngati galu wopinda mchira n'kudzigwetsa pamapazi pa mbuye wake, koma achinyamata a pa Facebook anamusandutsa manyazi omwe umamva m'malo mwa mnzako amene akudzichititsa manyazi iye osadziwa. Ife m'Chinyanja timayang'ana mumtima: wanyansidwa, wachita mantha, waipidwa, wadzidzimuka. Ukasankha liwu limodzi, waweruza kale mlandu.

Chomwe anachita mayi uja chinali recoil, ndinaona ndi maso angawa. Anasankha flinch chifukwa mulibe kunyansidwa m'menemo. Ndipo ine, pofuna kuti pasawonongeke kanthu, ndinamuthandiza kubisala.

"Akuti angodzidzimuka, agogo."

Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatsonya. Mtsonyo wautali, wochokera m'mano a m'mbali. "Maso ndili nawo ine. Chingerezi chakocho chisakuphunzitse bodza."

Tsopano mlendo ndiye anatembenukira kwa ine kufunsa kuti phokosolo likutanthauzanji. Angerezi ali nako kaliwu kawo kakuti tut, kodudulira lilime mwana akataya tiyi, koma n'kopepuka kwambiri, sikanganyamule mtsonyo wa munthu wamkulu amene wapereka chakudya ndi manja awiri n'kuona chikukanidwa. Ndinamuuza mosapsatira kuti agogo akhumudwa, ndiponso kuti theka la mtsonyowo ndi langa. Anatambasula dzanja, n'kuluma pang'ono penipeni. Nkhope inakwinyika ndithu, wince weniweni, koma anameza. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo chotsalacho anandipatsa ine, amvekere wabodza adye.

Pambuyo pake ndinamva kuti David Livingstone, poyenda panyanja yomweyi mu 1861, anapatsidwa nkhungu, anadya, n'kuziyerekeza ndi mazira a nsomba amene olemera a ku Ulaya amagula modula. Nkhani imeneyi yakhala chida changa, ngati sompho kwa wosema bwato. Ndimaikamba tili m'njira, tisanafike pakhomo pa munthu, kuti mlendo amalize kudzidzimuka kwake pamaso panga ndekha. Ndimamuuzanso kuti akafuna kukana akane ndi pakamwa, atalandira kaye ndi manja awiri.

Ena amabwererabe m'mbuyo ngakhale ndawauziratu. Zikatero mwini nyumba akandifunsa ngati mlendo wanyansidwa, ndimati inde, agogo, wanyansidwa.