Ndinabweza nsima ya amayi ku Malomo

Kwathu ku Malomo, m'boma la Ntchisi, ukatsika minibasi pa msewu uja wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota n'kumva anthu akuti "koma ndiye mwanenepatu!", dziwa kuti akukuyamikira. Kwa zaka zambiri ine ndinkalandira moni ameneyu ngati mendulo, ndikusisita chimimba changa cha ubwana, mpaka tsiku limene dokotala wina ku Lilongwe anandiimika pa sikelo n'kupukusa mutu. Makilogalamu 96, BP yakwera, ndipo shuga, malinga ndi kunena kwake, anali atafika kale pakhomo akungodikira kuti ndimutsegulire. Ndinali ndi zaka 44. Bambo anga anagwa m'munda wa fodya ali ndi zaka 51, mbali imodzi n'kufa ziwalo, ndipo sanaonenso mvula ina.

Ndiye ndinachita zimene amuna ambiri a m'tauni amachita akaopsezedwa: ndinagula nsapato zodula. Kenaka ndinalembetsa nawo mpikisano wothamanga makilomita 21 mu Lilongwe, umene unali woti uchitike nyengo yozizira. Pa ofesi aliyense anasanduka dokotala. "Aise, vuto ndi nsima. Siya nsima, uona wekha." Wina mpaka ananditumizira pa WhatsApp ndandanda wa zakudya za azungu, momwe munalibe chimanga, mbatata, mpunga, olo nthochi. Mwezi wa May ndinatenga tchuthi n'kupita kumudzi kuti ndikalimbitse miyendo pa zitunda za kwathu, ndandanda uja ali m'thumba.

Madzulo a tsiku loyamba amayi anapha tambala. Anabwera ndi mbale yovundikira bwino, mkati muli mitanda inayi ya ufa woyera, yotentha, nthunzi ili tolotolo. Ine ndinasamba m'manja, ndinadya nkhuku ndi masamba, mitanda ija ndinaisiya momwemo. Atabwera kudzatenga mbale anavundukula, anayang'ana, n'kukhala pansi pa mphasa pang'onopang'ono.

"Kodi yakhala yosapsa?"

"Ayi amayi, yapsa bwinobwino. Kungoti ndikufuna kuchepetsa thupi."

"Kuchepetsa thupi? Walakwira ndani, mwana wanga?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Inu a m'tauni amene munabadwa dzulodzuloli mwina simungamvetse. Amayi anga anaiona njala ya 2002, chaka chimene pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu February kuti dziko lili pa ngozi, ndipo kuno ku Ntchisi, Dowa ndi Kasungu anthu anadya gaga, zitsa za nthochi ndi chimanga chosakhwima. Amayi ankagona ndi njala kuti adzukulu awo alawe kaphala. Munthu woteroyo ukamuuza kuti ukudzimana nsima dala, nkhokwe ili tho, amaona ngati ukutukwana manda.

Palinso china chimene sananene koma ine ndinachiwerenga m'maso mwawo. M'zaka za m'ma 1990 ana ambiri a m'mudzi mwathu amene ankagwira ntchito m'tauni ankabwerera kumudzi mwa njira yomweyi: tchuthi chosadziwika bwino, kukana chakudya, lamba kumangosunthira bowo lina. Anthu ankanong'ona kuti kaliwondewonde. Ma ARV aulere anayamba mu 2004 ndipo zinthu zinasintha kwambiri, koma mantha aja mwa amayi a msinkhu umenewo sanachoke. Mwana wobwera ku Lilongwe amene akuonda, kwa iwo, ndi uthenga wa maliro umene wafika msanga.

Ine poti ndinali nditauma mutu ndinapitiriza. M'mamawa kulikonse, tambala atangolira kachiwiri, ndinkatuluka ndi kabudula wanga kulowera njira ya ku Ntchisi boma, agalu akuuwa, ana a sukulu akunditsatira pambuyo n'kumakuwa kuti "abwana akuthawa ngongole!" Pakutha sabata ndinakadziyeza pa sikelo ya pansi ya venda wina wogula soya ndi mtedza pa msika. Makilogalamu atatu anali atapita! Zoti masikelo a mavenda amadya ndinkazidziwa, mlimi aliyense wa ku Malomo angakuuzeni, koma tsiku limenelo ndinasankha kukhulupirira.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti amene anapitawo sanali mafuta. Thupi la munthu limasunga chakudya chochokera ku nsima, mbatata ndi mpunga m'minofu ndi m'chiwindi, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse ya nkhokwe imeneyi imagwira madzi okwana magalamu atatu. Ukasiya nsima n'kumathamanga, nkhokweyo imatha, madzi aja n'kutuluka, sikelo n'kukunamiza kuti wapambana. Chonsecho nkhokwe yomweyo ndi imene miyendo imatapamo pokwera chitunda. Ndiye kuti ine ndinkakondwerera kuti galimoto yapepuka pamene ndinali nditangokhuthula petulo.

Tsiku la khumi ndi chitatu ndinati ndiyese makilomita 14. Popita zinali bwino ndithu, phiri la Ntchisi likuoneka kutsogolo ndi nkhungu yake. Pobwerera, pa chikweza china chimene masiku onse ndinkachidutsa ndikuimba mluzu, miyendo inangosanduka ya munthu wina. Thukuta lozizira, m'maso mdima, m'makutu ngati muli njuchi. Ndinagwada, kenaka ndinagona chafufumimba m'mphepete mwa munda wa mtedza, nsapato zodula zija zili m'mwamba.

Anandipeza ndi mayi wina amene ankapita kukapereka thobwa kwa anthu okolola. Sanafunse zambiri.

"Bambo, mwadya chiyani m'mawa uno?"

"Tiyi wopanda shuga, mayi."

"Nanga dzulo?"

"Mazira awiri ndi masamba."

Anatula chigubu, anathira thobwa m'kapu ya pulasitiki n'kundigwirira pakamwa ngati mwana. Ndinamwa makapu atatu. Sipanathe mphindi khumi ndi zisanu, dziko linabwerera m'malo mwake. Mayiyo anaimitsa wakabaza, n'kumuuza mokweza, kuti okolola onse amve: "Akasiyeni kwa amayi awo, akawaphikire. Si matenda awa, ndi njala." Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza atsibweni ali kale pa khonde, chipewa chili pa bondo, ndipo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa mwaulemu wonse ngati ndinayezetsa magazi.

Usiku umenewo ndinatulutsa buku langa la kuchipatala n'kuwawerengera onse awiri tsamba ndi tsamba, pa kuwala kwa tochi. Ndinawauza za BP, za shuga, ndipo ndinatchula za bambo. Amayi anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anafunsa funso limene madokotala onse a pa ofesi sanandifunse: "Kodi ku Lilongweko umadya chiyani?"

Ndinayamba kuwerenga. M'mawa buledi wopaka majarini ndi tiyi wa masupuni anayi. Cha m'ma 10 mandasi. Masana tchipisi cha pa chiwaya ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, lija la mamililita 300 limene muli shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi asanu ndi atatu. Poweruka kanyenya ndi mabotolo angapo a mowa, Lachisanu osawerenga n'komwe. Ndipo kuchoka pa khomo kukafika pa mpando wa ku ofesi sindinkayenda olo mamita 200. Ndisanamalize, atsibweni anali akuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye pa zonsezi wapeza kuti wolakwa ndi nsima?" anatero amayi.

Zinandiwawa chifukwa zinali zoona, ndipo nditabwerera m'tauni n'kufufuza ndinapeza kuti akatswiri ali mbali ya amayi. Anyamata a ku Iten ndi Eldoret ku Kenya, amene amasesa mamendulo a mitunda italiitali pa dziko lonse, chakudya chawo ndi ugali, imene ndi nsima yomweyi, pamodzi ndi masamba, nyemba ndi tiyi wamkaka. Ofufuza amene anayeza mbale za othamanga a ku Kenya mu 2004 anapeza kuti magawo oposa atatu mwa anayi a mphamvu zawo amachokera ku zakudya za mtundu wa nsima. Eliud Kipchoge, amene mu 2019 ku Vienna anathamanga makilomita 42 osakwanitsa maola awiri, ndi mwana wa ugali. Ngakhale kwathu konkuno, Catherine Chikwakwa amene anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto mu 2004, kapena anyamata onyamula katundu amene amauluka pa phiri la Mulanje mu Porters Race, ndani angandiuze kuti anakulira ndandanda wa pa WhatsApp? Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amawotcha zimene adya. Munthu wa thupi ngati langa akathamanga makilomita khumi amawotcha ma calorie pafupifupi 900, koma madzulo amodzi pa chiwaya ndi pa bala amabwezeretsa onsewo ndi chiwongoladzanja.

Masiku otsala a tchuthi tinapangana ndi amayi ngati anthu a pa msika. Iwo anayambira pa mitanda inayi, ine pa umodzi, tinakumana pa iwiri, ya mgaiwa. Apa napo panali nkhondo, poti kwa iwo mgaiwa ndi ufa wa ku sukulu yogonera ndi ku ndende, wosayenera mlendo. Ndiwo zinali nyemba, nkhwani wotendera, usipa wa ku Nkhotakota. M'mawa ndisanatuluke, kachidutswa ka mbatata yootcha. Pobwerera, futali kapena phala la soya. Mandasi ndi mabotolo ndi amene anachotsedwa ntchito.

Mpikisano uja ndinaumaliza m'maola awiri ndi mphindi 26, kumbuyo kwa agogo ena a imvi amene anandipitirira pa kilomita ya 18 akundilimbitsa mtima. Thupi linatsika pang'onopang'ono, mwina theka la kilogalamu pa sabata, ndipo pofika Khirisimasi sikelo ya dokotala, osati ya venda, inati 85. Mankhwala a BP ndikumwabe, koma anandichepetsera.

Nditapita kumudzi pa Khirisimasipo palibe amene anandiuza kuti ndanenepa. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anandigwira mkono ngati akuyesa mbuzi pa msika, osanena kanthu. Madzulo mbale inabwera yovundikira. Nditavundukula ndinapeza mitanda iwiri ya mgaiwa monga tinapanganirana, koma uliwonse kukula kwake ngati mutu wa mwana.