Azakhali akuti akuchimuna asauzidwe

Chichewa chathuchi chimakondera mtima. Munthu akakwiya timati wapsa mtima, akafooka timati wataya mtima. Pali kuuma mtima, kukoma mtima, kuleza mtima, kutembenuka mtima, ndipo zotsatira za mayeso zikatuluka bwino timati mtima wakhala pansi. Ubongo umangokumbukiridwa pa nkhani ya chamba ndi mankhwala ozunguza bongo basi. Komatu si ife tokha. Aiguputo akale akamaumika mtembo wa mfumu ankasiya mtima m'malo mwake, ubongo n'kuukokera kunja kudzera m'mphuno. Aristotle, ndi nzeru zake zonse zija, ankaphunzitsa kuti ntchito ya ubongo ndi kuziziritsa magazi.

Ine za ubongo sindinaziphunzire m'kalasi, digiri yanga ndi ya zina. Ndinayamba kuziwerenga chifukwa cha mng'ono wanga, ndipo lero ndikuzilemba chifukwa kwathu kwabuka mkangano. Mng'ono wangayu ali ndi zaka 24, wapeza mbeta yake yatha, chinkhoswe chili pafupi. Alinso ndi khunyu. Papita zaka zinayi osagwa, moti mnyamata amene akufuna kumukwatirayo, yemwe anadziwana naye zaka ziwiri zapitazo, sanaonepo kanthu. Amangodziwa kuti mtsikanayu amamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, amati ndi a mutu. Ndamupempha mwini wake ndisanalembe izi, wavomera, bola dzina lisatchulidwe.

Azakhali mawu awo ndi amodzi: "Mukangowauza basi, mwamuthawitsira mwamuna mwanayu. Zinazi munthu amakazionera m'nyumba." Amalume, omwe ndi ankhoswe, akungoti tiona. Amayi sakuyankhula.

Tiyambe ndi chimene chili m'chigazamu. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 400, kuposa pang'ono paketi ya shuga, ndipo ndi wofewa ngati peyala lakupsa. Muli maselo pafupifupi 86 biliyoni otchedwa ma neuron, amene amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timagetsi ting'onoting'ono ndi timadzi ta m'thupi. Pa kulemera kwa thupi lonse ubongo umatenga magawo awiri okha pa 100, koma umadya magawo 20 pa 100 a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito. N'chifukwa chake magazi akangosiya kufika kwa mphindi zochepa, maselo amayamba kufa.

Gawo lalikulu, lamakwinya lija mumaliona pa zithunzi, ndi cerebrum. Kuganiza, kuyankhula, kuona, kukumbukira, kusuntha dzanja mwadala, zonsezi zimachokera kumeneko. Lili ndi mbali ziwiri ndipo zimagwira ntchito mopingasa: mbali ya kumanzere imalamulira thupi la kumanja, ya kumanja imalamulira la kumanzere. Kunkhongo kuli kagawo kocheperapo, cerebellum, kamene kamathandiza kuti uyende osadzandira. Mowa ukafika kumeneko mumadziwa zimene zimachitika. Pansi pake pali tsinde lolumikiza ubongo ndi msana, brainstem pa Chingerezi. Tsindeli ndi limene limayendetsa kupuma, kukhala maso, ngakhalenso liwiro la kagundidwe ka mtima womwe timaupatsa ulemu uja.

M'chaka cha 1861, dokotala wina wa ku Paris, Paul Broca, anali ndi wodwala amene ankamva zonse zimene ukunena koma poyankha ankangoti "tan", liwu limodzi lomwelo. Bamboyo atamwalira, Broca anapeza kuti malo ena kutsogolo kwa ubongo, mbali ya kumanzere, anali owonongeka. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira agogo aamuna atagwidwa ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, mawunso anapita, koma maso awo ankasonyeza kuti akumva chilichonse. Anthu ankati awatseka pakamwa ndi mankhwala. Chinali chotupa cha magazi oundana, mtsempha umodzi wa kumanzere utatsekeka.

Za mng'ono wanga zinayamba ndi udzudzu. Anali ndi zaka zisanu, nyengo ya mvula, thupi linatentha Lachiwiri, Lachitatu usiku anayamba linjirinjiri, ndipo pofika kuchipatala anali atakomoka. Anakhala chikomokere masiku atatu. Malungo a mu ubongo amachitika pamene maselo ofiira a magazi, atalowedwa ndi tizilombo ta Plasmodium falciparum, amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta ubongo.

Chodabwitsa n'chakuti zambiri zimene dziko limadziwa za matendawa zinapezeka konkuno. M'chaka cha 1987, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana amene sanayambe kuyankhula bwino. Amayang'ana zinthu zitatu: ngati maso akutsatira chinthu, mmene akulirira, ndi mmene akusunthira akamva kuwawa, n'kupereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Scale ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. M'chaka cha 2008 makina a MRI anafika ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo mu 2015 ofufuza anatulutsa zimene anapeza atajambula ana 168 odwala malungo a mu ubongo. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Chigaza ndi bokosi la fupa, silitamuka. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, umakankhira pansi n'kufinya tsinde lija, mwana n'kusiya kupuma.

Wathuyu anadzuka. Tinaimba nyimbo, amayi anapita kukapereka chothokoza kutchalitchi. Koma ubongo umene wadutsa m'moto wotere nthawi zina umatsala ndi chipsera, ndipo ena mwa ana opulumuka amadzayamba khunyu patapita miyezi kapena zaka. Iyeyu anagwa koyamba ali Sitandade 3.

Khunyu ndimalimvetsa chonchi. Ubongo wabwinobwino uli ngati msika: aliyense akuyankhula zake, wina akutsatsa tomato, wina akunenerera, phokoso lilipo koma malonda akuyenda. Pa nthawi ya kugwa zimakhala ngati kubwalo la mpira chigoli chikalowa, maselo miyandamiyanda akufuula chinthu chimodzi nthawi imodzi, moti palibenso uthenga wina umene ungadutse. Phokosolo likayambira malo amodzi n'kukhala pomwepo, munthu mwina amangoyang'ana tong'o, kutafuna pakamwa popanda kanthu, kutosatosa zovala. Likafalikira ubongo wonse ndi pamene amagwa, kuuma thupi, n'kuyamba kuphupha. Mng'ono wanga amati kusanachitike amamva fungo ngati la tayala lopsa, ndi chinachake chikukwera kuchokera m'mimba. Adokotala anati zimenezo zikusonyeza kuti vuto limayambira m'gawo la ubongo la pafupi ndi khutu, limene limakhudzanso fungo ndi kukumbukira.

Matendawo paokha sanamuzunze ngati mmene anthu anamuzunzira. Anali ndi kapu yakeyake, mbale yakeyake. Kusukulu anzake anauzidwa ndi makolo awo kuti akagwa azithawa, poti akatulutsa mpweya woipa iwe n'kuupuma, kapena thovu lake likakukhudza, watenga. Pa mkono wake wa kumanzere pali chipsera chachikulu cha moto. Anagwera pa mbaula tsiku lina amayi atapita kuchigayo, ndipo azimayi atatu akuluakulu anaima chapatali n'kumakuwa, palibe anayerekeza kumukoka. Anadzamukoka ndi mwana wa zaka khumi amene anali asanaphunzitsidwe kuopa. Abale, khunyu silipatsirana. Thovu lija ndi malovu wamba.

Amayi anayenda naye konse. Mphini zilipo pamphumi ndi kumsana, mapemphero a usiku wonse anachitika, ndipo sindiwaweruza, chifukwa mayi amene mwana wake akuphupha pansi amagwira chilichonse chimene chili pafupi. Chimene chinasintha zinthu ndi kampiritsi koyera, phenobarbital, ngakhale kankamugonetsa m'kalasi. Kenako anamusinthira ku carbamazepine, amene akumwa mpaka lero. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 pa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Limatinso anthu okwana 70 pa 100 akhoza kukhala osagwa atapimidwa bwino n'kulandira mankhwala oyenera. Vuto la kwathu kuno mukulidziwa: umapita pa windo, akuti atha, mubwere mwezi wa mawa. Mankhwalawa kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa kwambiri, moti malipiro anga oyamba nditayamba ntchito, gawo lina linathera ku famase.

Zoyambitsa khunyu zilipo zambiri ndipo zina n'zopeweka. Mwana kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi, sitiroko, kuvulala m'mutu. Mukamakwera kabaza wa njinga yamoto opanda chipewa muzikumbukira peyala lakupsa lija. Palinso nyongolotsi ya nkhumba: munthu akadya nyama yosapsa bwino nyongolotsi imakula m'matumbo mwake, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo wina akawameza kudzera m'madzi kapena chakudya chosasamalika, timphutsi take timatha kukakhazikika mu ubongo.

Amalume anafunsapo tsiku lina kuti, "Nanga azunguwa sangangotsegula n'kuchotsa chowonongekacho?" Funso lawo silopusa. Ku Montreal, dokotala Wilder Penfield ankachita opaleshoni anthu a khunyu ali maso, chifukwa ubongo pawokha sumva kuwawa. Ankachititsa dzanzi khungu la m'mutu, kutsegula chigaza, n'kumakhudza malo osiyanasiyana ndi kamagetsi kochepa. Akakhudza apa chala chimagwedezeka, apo wodwala amasowa mawu, ndipo potero ankadziwa podula ndi posayenera kudula. Koma mpeni mu ubongo uli ndi mtengo wake. Mu 1953, mnyamata wina wa ku America, Henry Molaison, anamuchotsa kagawo kotchedwa hippocampus mbali zonse ziwiri pofuna kuthetsa khunyu. Kugwa kunachepa ndithu, koma kuyambira tsiku limenelo sankathanso kusunga chatsopano m'mutu. Ukacheza naye n'kutuluka, pobwerera umakhala mlendo. Anakhala choncho mpaka imfa yake mu 2008. Masiku ano opaleshoni yotere amachita mbali imodzi yokha, atayeza mokwanira, ndipo imathandiza ambiri amene mankhwala awakanika. Wathuyu sakufunika zimenezo poti mapiritsi akugwira ntchito. Ndiponso madokotala a opaleshoni ya ubongo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo ali ndi mzere wautali wa ovulala pangozi ndi makanda amene madzi adzadza m'mutu, ofunika kuwaika kapaipi kotsitsira madziwo m'mimba.

Tsono tibwerere kwa azakhali. Mantha awo ali ndi pochokera. Anaonapo ndi maso awo mkazi akubwezedwa kwawo ndi katundu pamutu atagwa kamodzi kokha pamaso pa apongozi. Akuteteza mwana wa mchimwene wawo m'njira imene akuidziwa.

Koma ine ndikuona mbaula ija. Mwamuna amene udzagona naye chipinda chimodzi ayenera kudziwa kuti zikachitika amugoneke chammbali, achotse zinthu zomuvulaza, aike chofewa kumutu, asamupanikize, asamuike supuni kapena chala m'kamwa poti lilime silimezeka, asamumwetse madzi mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Ayenera kuyang'ana nthawi pa foni, ndipo zikapitirira mphindi zisanu, kapena zikabwereza asanatsitsimuke, athamangire naye kuchipatala. Palinso nkhani ya ana. Carbamazepine ndi phenobarbital amafooketsa mphamvu ya mapiritsi olera ndi njira ya pamkono ija. Mankhwala ena a khunyu, makamaka sodium valproate, amatha kuvulaza mwana ali m'mimba. Mayi wa khunyu amabereka bwinobwino, koma mimba yake imafunika kukonzekera ndi adokotala isanabwere, kuyamba folic acid msanga, ndi kusasiya mankhwala mwa yekha. Zimenezi ungazichite bwanji mobisa kwa mwini mimbayo?

Zonsezi ndinazinena pa msonkhano wa banja, ndipo azakhali anandiyankha kuti, "Sukulu yanuyi mwaphunzira, koma banja simulidziwa." Mwina akunena zoona, ine sindinakwatiwe. Chimene tonse sitinachione n'chakuti mwini nkhani anali atakhala pamkeka pomwepo, ife n'kumakambirana za mutu wake ngati wapita kumsika.

Lamlungu lapitali anamuuza yekha, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Akuti anayamba ndi kumuonetsa chipsera cha pamkono, chimene kale anamuuza kuti unali moto wamba. Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anafunsa mafunso awiri: ngati ana awo adzakhale nalo, ndi chimene iye azichita zikachitika. Loyambalo anamuyankha kuti lake linabwera ndi malungo, silinachokere kumtundu. Lachiwirilo anamuphunzitsa pomwepo, iye atagona pa udzu, mnyamatayo akuyeserera kumutembenuza chammbali, anthu odutsa akudabwa.

Amayi ake a mnyamatayo sanauzidwebe. Iye wati apita yekha kumudzi Loweruka likubwerali akawafotokozere, ndipo wapempha kuti ndimulembere pa WhatsApp mfundo zake mwachidule, m'Chichewa chomveka kwa munthu wamkulu. Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. Azakhali sakundiyankhula bwino, koma dzulo ndawaona akufunsa mtengo wa nsalu ya chinkhoswe. Amalume akadali pa mawu awo aja, akuti tiona.