Tsiku Limodzi pa Misewu ya Madzi ya Luangwa

Ku Ulaya, m'dziko la Italy, kuli mzinda wakale wochedwa Venice umene unamangidwa pa tizilumba toposa 100. Misewu yake ikuluikulu ndi ngalande za madzi, ndipo munthu wopita kumsika kapena kucipatala amakwera bwato, apo ayi amayenda pansi nadutsa pa maulalo amene alipo oposa 400. Alendo amacokera kumalekezero a dziko kudzaona zimenezi.

Koma anthu a m'boma la Mambwe safunika kuoloka nyanja kuti aone misewu ya madzi. M'miyezi ya February ndi March, mtsinje wa Luangwa ukadzaza, madzi amasefukira m'madambo ndi m'nkhalango, njira zambiri zagalimoto zimatsekeka, ndipo malo osungirako nyama a South Luangwa amasanduka mudzi waukulu woyendamo ndi bwato.

Ulendo umayamba mbandakuca pafupi ndi ulalo wa Mfuwe, pamene pali cipata cacikulu colowera m'malowa. Madzi amakhala ofiira ndi dothi, atanyamula zitsa ndi mitengo yathunthu. Bwato la injini limalunjika kumtunda, kumbali ya ku Nsefu, ndipo woliyendetsa sacotsa maso pamadzi, pakuti eni msewu ndi mvuu. Mvuu yokhala ndi mwana siseweredwa, ndipo bwato limailambalala mwaulemu monga mmene munthu amapatukira mfumu panjira.

Dzuwa likakwera, bwato limasiya mtsinje waukulu ndi kulowa m'timifuleni topita kumathamanda. Njira zina zopapatiza zinakumbidwa ndi mvuu zomwezo, zimene zimatuluka usiku uliwonse kukadya msipu ndi kubwerera modutsa pamodzimodzi. Mathamanda akuluakulu okhota ngati uta ndi nchito ya mtsinje weniweniwo. Luangwa amayenda mokhotakhota pa mcenga wofewa, akumagumula gombe lina ndi kuunjika mcenga pa gombe linzake. Tsiku lina madzi osefukira amaboola njira yacidule, ndipo khonde lakale limatsala lokha ngati dziwe. Limodzi mwa maiwe otere limachedwa Luangwa Wafwa, kutanthauza Luangwa wakufa, ngakhale kuti ndi lodzaza ndi nsomba, ng'ona ndi mbalame.

Masana bwato limapuma pamthunzi wa mitengo ya mchenja imene yaima m'madzi ngati nsanamira za nyumba ya mfumu. Pamwamba nkhwazi imalira, ndipo akakowa amadikira nsomba m'mphepete. Mitundu ya mbalame yopezeka kuno ndi yoposa 400. Pamtunda pouma pamaoneka njobvu, mbidzi ndi nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse koma m'cigwa cino cokha.

Mudzi wa madzi umenewu uli ndi mbiri yake. David Livingstone anaoloka Luangwa mu December 1866. Boma la atsamunda linapatula dera lino kuti likhale la nyama mu 1938, ndipo mu 1972 linakhala National Park, ya ukulu wa masikweya kilomita 9,050. Koma ciyambi ca nchito yolandira alendo cinali m'manja mwa mfumu ya Akunda. Mu 1950, Mfumu Yaikulu Nsefu inabvomerezana ndi a Norman Carr kupatula mbali ya dziko lake kuti alendo azidzaona nyama, ndalama zake zizipita kwa anthu a mfumuyo. Kuyambira paciyambi, colinga cinali cakuti mwini dziko adyepo.

Apa ndi pamene nkhani ya Venice iri ndi phunziro. Mu 1951 pakati pa mzindawo pankakhala anthu pafupifupi 175,000, koma pofika mu 2022 anatsala osakwana 50,000. Nyumba zambiri zinasanduka zogona alendo, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo ana obadwira momwemo anasamukira kumtunda. Mu 2024 akuluakulu a mzindawo anayamba kulipiritsa alendo obwera tsiku limodzi pa masiku ena a piringupiringu. Malo akhoza kuchuka pa dziko lonse pamene eni ake akutha.

Ku Mambwe bvuto liri ndi nkhope ina. Njobvu imene mlendo amaijambula madzulo ndi yomweyo imene imaoloka mtsinje usiku ndi kutha munda wa cimanga kwa Kakumbi kapena kwa Mnkhanya. Ng'ona imene mlendo amaisirira ndi imene amai otunga madzi amaiopa. Nkhalamba zambiri zakalambira m'mphepete mwa malowa osalowamo ngakhale kamodzi. Munthu amene amaona nyama pokhapokha ikamuononga sangaikonde, ndipo kumene anthu sakonda nyama, opha mozemba amapeza pobisala. Ndi mmene cipembere cakuda cinathera m'cigwa cino, kufikira mu 1998 pamene cinalengezedwa kuti catha m'Zambia monse. Zipembere zinabwezedwa ku North Luangwa kuyambira mu 2003, koma ku South Luangwa kulibe mpaka lero.

Pali njira zimene zayamba kale. Makomiti a Community Resources Board m'madera a mafumu amalankhulira anthu pa za nyama ndi ndalama zake. Alimi ena amathamangitsa njobvu ndi tsabola. Bungwe la Chipembele limaphunzitsa ana a sukulu za cilengedwe. Mu 2019 Boma linaimitsa ganizo lomanga damu ku Ndevu Gorge, kotero mtsinje ukupitiriza kusefukira ndi kupanga mathamanda monga mwa kale. Ndiponso nzika ya Zambia imalipira ndalama zocepa pacipata poyerekeza ndi mlendo wakunja.

Dzuwa likamapendeka, bwato limabwerera ndi madzi kulinga ku ulalo wa Mfuwe, mvuu zikuyamba kufwenthera pokonzekera kutuluka. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Otsala ndi mtsinjewu ndi Akunda ndi anansi ao. Cotero nkoyenera kuti aphunzitsi, mipingo ndi magulu a amai asonkhe pang'onopang'ono, apangane ndi a ofesi yoona za nyama, natenge ana ndi okalamba kukaona cuma cimene ciri kuseri kwa nkhokwe zao.