Ntchito ya pa risepushoni kuno kunyanja

Mwezi uno wa Ramadhan makolo ambiri akumatifunsa tikatuluka ku Taraweh: mwana wathu wakhoza MSCE, akufuna ntchito yolandira alendo pa ofesi, kodi kuno ku Mangochi imapezeka?

Imapezeka, koma tisanamizane. Pa boma, kaya ku banki, kuchipatala kapena kumabungwe, mpando wa pa risepushoni umakhala umodzi, ndipo amene waupeza sausiya msanga. Mipata yambiri ili m'malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja: Sunbird Nkopola, Makokola, Sun 'n' Sand, mpaka ku Monkey Bay ndi ku Chembe. Kumeneko ntchito imayenda ndi alendo. Misonkhano ikachuluka amafuna anthu. Boma likaimitsa misonkhano ya kunyanja pofuna kusunga ndalama, oyamba kuuzidwa kuti akadikire kunyumba ndi aganyu. Tinaziona mu 2020 nthawi ya Covid-19, tinazionanso mu 2024 pamene madzi a nyanja anakwera n'kulowa m'zipinda za malo ena.

Chomwe chimatipweteka ife aphunzitsi n'chakuti ngakhale mpata utapezeka, kawirikawiri amaukhala ndi ochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ena atanyamula pepala la ku Malawi Institute of Tourism. Ana athu amathera kukhitchini, kosesa mchenga, kapena pa basi ya ku Joni. Komatu ana amenewa si ogona. Amaloweza masura ataliatali, amalankhula Chiyao ndi Chichewa mosadodoma, ndipo ulemu wolandirira mlendo anayamwira. Chimawagwetsa ndi Chingerezi cha pakamwa. Anachilemba pa mayeso, koma foni ikalira mzungu akufunsa mtengo wa chipinda, lilime limauma. China ndi kompyuta: ambiri sanagwirepo kiyibodi, pomwe kusungitsa chipinda masiku ano kumachitika pa imelo ndi pa WhatsApp. Miyezi itatu yophunzira kompyuta, ndi chizolowezi cholankhula Chingerezi mokweza tsiku lililonse ngakhale anzako akuseke, zimatsegula khomo kuposa kuyenda ndi envulopu ofesi ndi ofesi.

Pali mafunso amene mwana wa Chisilamu ayenera kufunsa tsiku la intavyu lomwelo, asanasaine kalikonse. Kodi yunifolomu ikulola hijab? Lachisanu pali wondigwirira ndikapita ku Jumu'ah? Ndipo m'malo ang'onoang'ono, momwe wolandira alendo amatumidwanso kubala mnzake akachoka, kodi ndidzagulitsa mowa? Mabwana ena amavomera mosavuta akauzidwa poyamba. Ena amakana, ndipo n'kwabwino kumva kukanako usanagule nsapato zantchito.

Nthawi nayo muiganizire. Risepushoni ya hotela sitseka. Amene ali pa shifiti ya madzulo mwezi uno amafutulu ali chiimire, tende ziwiri ndi madzi pansi pa tebulo, mlendo akudikira kiyi.