Batire Silipsa ndi Moto wa Mapesi

Kasitomala amene amandisowetsa mtendere si wangongole ayi. Ndi uja amafika thukuta lili kamukamu, batire atalimanga ndi mphira pakaliyala, n'kunena kuti, "Achimwene, tangolitenthetsani pang'ono, ndilitenga ndikamachokera kuchigayo." Kuchigayoko sakakhalako ngakhale ola limodzi. Batire lake ndi N70, ndipo lakhala likuimba wailesi mpaka wailesiyo kuchita kusasa mawu. Ndikamuuza kuti abwere mawa, nkhope imagwa ngati ndamulanda kanthu. Ena amalikwezanso panjinga n'kupita kwa anzanga osakana ntchito. Pakatha miyezi ingapo amatulukiranso, batire litatupa m'mbali ngati mbuzi yoba gaga, n'kumandifunsa ngati ndingalidzutse.

Ntchitoyi ndinaphunzira kwa amalume, kuno kunyanja m'boma la Salima, nthawi imene nyumba yokhala ndi batire la galimoto ndi kanema wakuda ndi woyera inkadzaza anthu madzulo alionse. Iwo sankadziwa mawu ambiri a m'mabuku. Ankangoti, "Mphwanga, batire ndi nyemba. Ukasonkhezera mapesi, pansi papserera koma mkati muli gwa." Zimene ndawerenga pambuyo pake zangotsimikiza mawu amenewo.

Mukatsegula zivindikiro za batire la mavoti 12 mupeza zipinda zisanu ndi chimodzi. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa mu asidi wosakaniza ndi madzi, ndipo chipinda chimodzi chikakhuta chimapereka mavoti 2.1. Batire likamagwira ntchito, mbali ina ya asidi uja imachoka m'madzi n'kukamatirira pamapuleti ngati ufa woyera, madziwo n'kutsala osukuluka. Kutchaja ndiko kubweza zomatirirazo m'madzi. Nzeru yake ndi yakale zedi: anaitulukira Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo mpaka lero ndi yomweyo imene imaliza injini ya minibasi. Vuto lake nali. Ufa woyera uja ukakhalitsa pamapuleti umauma n'kusanduka timiyala tosasungunukanso. Batire losiyidwa ndi njala milungu ingapo limayamba kufa lili chikhalire pakona, popanda wolikhudza. Ambiri amene amabwera akudandaula kuti anawagulitsa batire lachinyengo analipha okha motere: analimaliza mu June, n'kudikira mpaka atagulitsa mpunga kuti adzatchajitse.

Batire likafika, ndisanagwire tchaja ndimagwira mita. Lokhuta bwino, litapuma maola angapo, limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latha theka, ndipo apa ndi pamene mwini wake anayenera kubwera nalo. Likatsika kupitirira 12.0 ndiye njala yafika m'mafupa. Pali nambala ina imene ndikaiona ndimayamba kusankha mawu omuuzira mwini wake: batire lochokera kumene patchaja n'kukakhazikika pa 10.5. Werengani nokha, zipinda zisanu kuchulukitsa ndi 2.1. Chipinda chimodzi chafa, mapuleti agundana mkati, ndipo palibe tchaja padziko pano imene ingachiukitse.

Mita yokha imanamiza, makamaka batire likangochoka pamoto. Mboni yanga yeniyeni ndi hayidiromita, kachubu kagalasi kokhala ndi mpira pamwamba. Ndimafinya mpirawo, kukoka madzi a m'chipinda chimodzi, n'kuona pamene kagalasi ka mkati kayandama. Chipinda chokhuta chimafika cha m'ma 1.265 mpaka 1.280. Chanjala chimagwa cha ku 1.120. Ndimayeza zonse zisanu ndi chimodzi, chifukwa chimene ndikufuna si nambala yokongola koma kuti zifanane. Zisanu zikakwera chimodzi n'kutsalira patali, kapena madzi ake akatuluka abii ngati a m'dambo, ndimadziwa kuti mapuleti akunyenyeka.

Tsopano nkhani ya nyemba ija. Pambali pa batire pamalembedwa kukula kwake, monga 70Ah kapena 100Ah. Gawani nambalayo ndi 10, ndipo mwapeza moto woyenera. La 70Ah limafuna ma amp 7, la 100Ah ma amp 10. Kabatire ka njinga yamoto ya kabaza ka 7Ah sikafuna ngakhale amp imodzi yathunthu, koma ndaonapo anyamata akukakoleka patchaja ya lole, n'kumadabwa kuti katentha ngati mbatata yootcha. Pa moto woyenera, batire lotheratu limatenga maola 12 mpaka 14, chifukwa si moto wonse umene umalowa. Wina umatha ndi kutentha. Chigawo chomaliza ndicho chimachedwa kwambiri, ndipo ndicho anthu amadula. Batire lochotsedwa msanga limayatsa babu mowala usiku woyamba, mwini wake n'kumati zatheka. Koma mkati mwatsala ufa uja, ndipo ulendo uliwonse ukuwonjezekera.

Anthu akafuna kugula tchaja yawoyawo amandifunsa kuti yabwino ndi iti, ambiri ataloza kale yaikulu. Ine ndili ndi mitundu iwiri. Ina ndi yakale ya amalume, yolemera moti kuinyamula n'kugwira msana, yong'ung'udza usiku wonse. Imeneyo siidziwa kuleka. Ukaiiwala imapitiriza kukankha moto mpaka madzi kuphwa, mapuleti kutuluka pamtunda. Imafuna munthu wokhala pafupi ndi mita. Inayo ndi yamakono, yodzilamulira yokha. Imayamba ndi moto wokhazikika mpaka batire lifike cha pa 14.4, imaima pamenepo kwinaku ma amp akutsika pang'onopang'ono, kenako imatsikira pakati pa 13.5 ndi 13.8 n'kumangolisunga lokhuta. Munthu wa pakhomo, amene ali ndi dimba ndi maliro ndi misonkhano ya kumpingo, agule yachiwiriyi basi.

Pogula, yang'anani kaye ngati ndi ya mavoti 12 kapena 24, ndiponso ngati ma amp ake akugwirizana ndi kuwerengera kuja. Ikhale ndi fyuzi, komanso izikana kugwira ntchito mukasemphanitsa mawaya, chifukwa tsiku lina mudzasemphanitsa ndithu. Ngati batire lanu ndi lomata, la AGM kapena la gel, lopanda zivindikiro zothirira madzi, tchajayo ikhale ndi posankhira mtundu umenewo. Mabatire omatawa akawira, madzi otayikawo simungawabwezere. Tchaja yopangidwira mabatire a lithium okha musaiyese pa la mtovu. Ndipo zolembedwa pakatoni musamazikhulupirire msanga. Wina anabwera ndi kabokosi kopepuka ngati sopo, kolembedwa 30A, mawaya ake owonda ngati a mahedifoni. Titayeza sikanafike ngakhale ma amp atatu. Mawaya ndi mano ogwirira sanama: akakhala owonda, ndiye kuti mkatinso ndi momwemo. Pali matchaja ena okhala ndi batani lolembedwa Boost. Limenelo ndi lodzutsira galimoto yokana kulira m'mawa, kwa mphindi zochepa. Si lophikira.

Tchaja yamakono ili ndi mwano wake umodzi. Batire likatsikitsitsa, ina imangoti phee, ngati palibe chimene mwalumikiza. Apa ndimatulutsa ya amalume ija, kuliyambitsa pa moto wochepa ine ndili pomwepo, ndipo likakwerako ndimalisamutsa.

Masiku ano ntchito yambiri ikuchokera ku sola. Munthu amagula panelo ndi batire, ndalama n'kuthera pomwepo, kabokosi ka kontirola n'kukasiya kusitolo. Amalumikiza waya kuchokera padenga mpaka pabatire. Panelo yotchedwa ya mavoti 12 ikakhala padzuwa yopanda katundu imafika pa 21 kapena 22, ndipo batire likakhuta palibe woiuza kuti ileke. Masana likuwira, usiku ana akulikama ndi kanema mpaka litheretu. Kuwonjezera apo, kawirikawiri limakhala batire la galimoto, limene mapuleti ake ndi opyapyala, opangidwira kupereka mphamvu yaikulu kwa kanthawi kochepa poliza injini. La sola lenileni lili ndi mapuleti ochindikala, koma nalonso silikondwa kutsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku.

Za madzi ndimakangana nazo anthu chaka chonse. Batire likamatchajidwa chimene chimachoka ndi madzi, asidi amatsala. Choncho chothiramo ndi madzi a batire okha, aja ogula m'mabotolo kumalo omwetsera mafuta. Wothira asidi wina akuwonjezera ukali umene udye mapuleti ake. Madzi a pamjigo ndi abwino kumwa, koma ali ndi mchere ndi zitsulo zimene zimawononga mkati. Onani zoyera zimene zimatsalira m'ketulo. Zikavutitsitsa, madzi a mvula otchera m'beseni lapulasitiki loyera pabwalo, osati ogwa kuchokera pamalata, ndi abwinoko. Madzi aphimbe mapuleti ndi sentimita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Kudzaza kwenikweni ndimachita batire litakhuta, chifukwa madzi amakwera potchaja ndipo ukadzaziratu amasefukira. Ngati mapuleti afika ali pamtunda, ndimangowamiza kaye. Kuno dzuwa la mu October limaphwetsa madzi msanga, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire umadulidwa pakati. Amene amaliika pafupi ndi mbaula kapena pansi penipeni pa malata asamadabwe.

Pakhoma la shopu yanga, kumanzere kwa chitseko, pulasitala anadyeka madontho-madontho mpaka lero. Ndinali ndi mnyamata wothandiza, mwana wa achemwali anga. Tsiku limenelo kunali mvula yamphepo ndipo tinatseka mawindo, mabatire asanu akubwata pabenchi. Kasitomala anali pakhomo kufulumiza. Mnyamata uja anangofika n'kuchotsa dzino lofiira tchaja ikadayaka. Ndinaona kamoto kakang'ono ka buluu, kenako phokoso ngati mfuti. Chivindikiro chonse chinang'ambika, zidutswa zinamenya malata, asidi anamuwaza kumaso ndi pachifuwa. Ndinamukokera kumgolo wa madzi, kumutsegula zikope ndi zala zanga, n'kumathira kapu ndi kapu, iye akukuwa kuti, "Amalume, basi, basi!" Sindinaleke mpaka patadutsa mphindi zoposa 15, kenako tinathamangira kuchipatala. Maso anapulumuka. Malaya ake pofika mawa anali ngati ukonde.

Batire likayandikira kukhuta, madzi aja amagawikana n'kutulutsa mpweya wa hayidirojeni. Suoneka, sununkha, ndipo ukangokwana magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa pamalopo, kamoto kamodzi n'kokwanira. Kuyambira tsiku limenelo mawindo a shopu satsekedwa ngakhale kugwe mvula yotani. Wosuta amasutira kumsewu. Magetsi akazima palibe kuyatsa kandulo kapena machesi kuti tione madzi m'chipinda, pali tochi. Polumikiza, tchaja imakhala yozima: lofiira pa +, lakuda pa −, kenako kuyatsa. Pochotsa, kuzimitsa kaye, kudikira pang'ono, n'kuyamba ndi lakuda. Magalasi a m'maso ali pamsomali pamwamba pa benchi, ndipo mphete ndi wotchi yachitsulo zimavulidwa, chifukwa sipanala ikagunda mitu iwiri nthawi imodzi imafiira pompo. Batire likatentha moti dzanja silingakhalepo, kapena likayamba kununkha ngati dzira lovunda, ndimazimitsa osafunsa. Soda wophikira therere ndimasunga m'chitini, wothira pansi asidi akatayika ndi wotsukira zoyera zomera pamitu, koma asadonthere m'chipinda ngakhale pang'ono. Ndikatsuka ndimapakapo girisi.

Mabatire akufa ndimawaunjika kuseri, pamthunzi, oimirira, kudikira ogula zakale amene amapita nawo kokasungunula. Asodzi ena amabwera kudzapempha mapuleti kuti asungunule miyala ya ukonde, ndipo ndimawakaniza ngakhale akwiye. Ndinaonapo akusungunulira pamoto wa pakhomo, ana atazungulira, m'chiwaya chimene mawa lake akazingiramo mtedza. Mtovu sutuluka msanga m'thupi, ndipo mwa mwana umawononga ubongo mwakachetechete. Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akulimbana nawobe m'dothi la m'makomo mwawo, chikhalirecho mgodi wake unatsekedwa mu 1994. Ine ndemwe sindigwira nsima ndisanasambe m'manja ndi sopo kawiri, ndipo ovolosi ya kuntchito silowa m'nyumba.

Batire lililonse likalowa ndimalilemba ndi choko: dzina la mwini, ola limene lalowa, ndi nambala imene mita yaonetsa. Dzulo madzulo kunabwera mayi wina wogulitsa zitumbuwa, batire lake la sola lili pamutu pankhata. Linaonetsa 12.2. Ndinawafunsa kuti bwanji abwera nalo likadayatsa mababu. Anati, "Kwachita mitambo masiku atatu, bambo, ndiye ndaona kuti lisagone ndi njala." Batire limenelo ndakhala ndikuliona chaka chachinayi tsopano. Ndinalemba chokocho, ndinaliika pa ma amp 10, ndipo ndinawauza kuti atume mwana mawa dzuwa likapendeka.