Chisanu cha pa Sombani

Ife a ku Nkhulambe tinabadwira patsinde pa phiri la Mulanje, ndipo tiliona m'mawa uliwonse. Chifukwa chake tiyesa kuti tilidziwa. Inenso ndinayesa chomwecho, kufikira tsiku limene ndifuna kukusimbirani.

Unali mwezi wa Ogasiti, nyengo imene kuzizira kuyamba kuchepa kuno kuchidikha cha Phalombe, ndi anthu aleka kuotha moto m'mamawa. Pokhala ana a sukulu anali pa tchuthi, ndinapangana ndi muphwa wanga, mnyamata wa zaka 14, kuti tikakwere nsonga ya Namasile, ya mamita 2,687. Wotitsogolera anali nkhalamba ya kwathu, imene inasenza akatundu a alendo m'phirimo chiyambire unyamata wake. Pakuona kuti tanyamula ufa ndi nyemba zokha, anati, "Aphunzitsi, mwasiyiranji zofunda?" Ndinati, "Agogo, chisanu chatha." Iwo anati, "Chatha kuno," namangirira magombeza awiri pa mtolo wawo.

Tinadzera pampata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, pamene Angerezi anamanga linga m'chaka cha 1893 kuti atseke njira ya ogula akapolo. Pamenepo chinayamba chikweza, ndi dzuwa linatiwamba kumsana, kotero kuti ndinaseka mumtima poona nkhalamba ilikulemedwa ndi magombeza. Madzulo tinafika kunyumba ya alendo ya pa Sombani, pamtunda woposa mamita 2,000.

Litangolowa dzuwa, kuseka kwanga kunatha. Pakuti mpweya uzizirabe pamene munthu akwera, monga madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse. Ndipo usiku wopanda mitambo nthaka itaya msanga kutentha kwake konse. Tinagona pafupi ndi moto, ine ndi mnyamata m'gombeza limodzi la eni ake.

M'mawa mwake potsegula pakhomo, taonani, udzu wonse uli mbuu, monga wina anawazapo ufa woyera, ndi madzi a m'beseni anaundana pamwamba ngati galasi. Mnyamata anafuula kuti, "Malume, chipale chofewa chija cha m'mabuku!" Koma sichinali chimenecho ai. Chipale chofewa chigwa kuchokera kumitambo, monga ku Ulaya ndi pamwamba pa Kilimanjaro. Ichi ndicho chinyontho cha usiku choundana pomwe chinatera.

Tinauyamba ulendo wa ku Namasile. Kumene dzuwa linafika miyala inali youma. Koma kumthunzi, kumene madzi atsetsereka pathanthwe, kunali koterera, ndipo tinakwawa ndi manja. Titakwera nthawi yaikulu, mphepo inatembenuka, ndi nkhungu inadza kuchokera ku Mozambique, ndiyo chiperoni, pamodzi ndi mvula yowaza. Nkhalamba inaima niti, "Tibwerere."

Apa ndipo ndichita manyazi. Ndinakana, ndi kuti, "Agogo, nsonga si iyi? Kodi tidzawauza chiyani anthu kumudzi?" Iwo sanandiyankhe, koma analoza mnyamata. Ndinacheuka, ndipo ndinamuona alikunthunthumira, malaya atanyowa, milomo itauma. Pomfunsa, mawu ake anatuluka mochedwa monga a munthu wa tulo. Ndiko kuyamba kwa ngozi, pakuti thupi lonyowa lokhala pamphepo litaya kutentha msanga, ndipo munthu akhoza kufa nako kungakhale kulibe chipale.

Tinamkulunga m'gombeza, tinatsika pang'onopang'ono, nkhalamba ilikuzindikira njira ndi miyala imene ine sindinaiona konse. Kunyumba kuja mlonda anasonkha moto, tinamvula zonyowa ndi kummwetsa phala lotentha, kufikira anayambanso kuseka. Ine sindinaseke. Kwathu mwana wa mlongo ali m'manja mwa malume wake. Ndikadaumirira, ndikadaima bwanji pamaso pa mlongo wanga?

Tsono inu amene mufuna kukwera phiri ili pakutha pa chisanu, musayese nyengo ya kumwamba ndi dzuwa la pabwalo panu. Tengani zofunda ndi chovala chosalowa madzi, mukani ndi munthu wodziwa njira, ndipo akati bwererani, bwererani, Namasile sadzasamuka. Makolo anati mawu a akulu akoma akagonera. Kwa ine anagonera usiku umodzi wokha.