Usiku wa sauna ku Solna

Sitima yochoka pakati pa Stockholm kupita ku Solna imangotenga mphindi zochepa, koma madzulo a Loweruka pa 8 Malichi 2025 inali yodzaza thothotho. Ana, makolo ndi agogo omwe anali atavala zipewa zonyezimira ndi nthenga zapinki m'khosi. Mlongo wanga, amene wakhala ku Sweden zaka zingapo, anali atandichenjeza tisanatuluke m'nyumba: "Achimwene, valani jekete lina pamwambapo, kuno mphepo siinyengerera mlendo." Titatsika pa siteshoni tinangotsata khamu, kudutsa pa Mall of Scandinavia mpaka ku Strawberry Arena, bwalo limene kale linkatchedwa Friends Arena.

Kumeneko kunali ndime yomaliza ya Melodifestivalen, mpikisano umene wailesi yakanema ya SVT imasankhira nyimbo yokaimira dziko ku Eurovision. Eni ake amangoti Mello. Unayamba mu 1959, ndipo ndi pomwe ABBA anadzera mu 1974 asanakapambane Eurovision ku Brighton. Masabata angapo oimba amakhala akupikisana m'mizinda yosiyanasiyana mpaka kutsala nyimbo 12. Theka la mapointi limachokera kwa oweruza a m'mayiko ena, theka lina kwa anthu ovota pa foni.

M'sitima muja dzina limene linali pakamwa pa ambiri linali la Måns Zelmerlöw, amene anapambana Eurovision mu 2015. Nyimbo yake, "Revolution", anaiimba mwaluso zedi. Mawu, magetsi ndi kayendedwe pa nsanja, chilichonse chinali m'malo mwake. Ndinaomba m'manja, koma itangotha ndinayesa kuing'ung'udza mumtima, osatheka. Inali yosalala ngati mwala wa mumtsinje, yosowa pogwira. John Lundvik ali ndi mawu otha kudzutsa mpingo wonse, ndipo ndinamumvera mwaulemu, komabe nayenso sanandisiyire chopita nacho kunyumba. Greczula yekha ndiye anandigwedezako pang'ono.

Kenaka kunabwera KAJ. Awa ndi amuna atatu, Kevin Holmström, Axel Åhman ndi Jakob Norrgård, ochokera ku Vörå, dera la ku Finland kumene anthu amalankhula Chiswidishi cha kwawo komweko, chimene ngakhale a mu Stockholm amachita kutchera khutu kuti achimve. Nyimbo yawo, "Bara bada bastu", imakamba za sauna, kanyumba kamatabwa kotentha kamene anthu amakhalamo n'kumathira madzi pa miyala yamoto kuti nthunzi iwatulutse thukuta. Anabwera ndi akodiyoni, nkhuni ndi soseji yowotcha pamoto. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma mapazi anga anamva. Gogo wina amene anali pafupi nane anaimirira n'kuyamba kuvina atagwira mdzukulu wake padzanja.

Ena amati ndi nyimbo ya nthabwala chabe, yosayenera kuimira dziko limene lapambana Eurovision kasanu ndi kawiri. Ine ndikukana. Kayimbidwe kake n'kolimba, atatuwo amalandizana mawu mosaphonya, ndipo akuimba za chinthu chimene anakulira nacho, m'chinenero chimene amayi awo ankawaitanira kudzadya. Nyimbo zinazo ukanatha kuzipatsa dziko lililonse osasintha kanthu, pomwe iyi ili ndi kwawo.

Oweruza anakondera Zelmerlöw pang'ono, koma mavoti a anthu anatembenuza zinthu: KAJ 164, Zelmerlöw 157. Kuchokera pamene Jill Johnson anaimba mu 1998, aka kanali koyamba kuti Sweden itumize ku Eurovision nyimbo ya m'Chiswidishi. Mwezi wa Meyi, pa Eurovision ya ku Basel, KAJ anakhala achinayi.

Pobwerera, sitima yonse inkaimba kolasi ija. Mlongo wanga anandikodola: "Achimwene, mawa ndikupita nanu ku sauna mukadzionere nokha." Ndinavomera tisanafike n'komwe pa Odenplan.